ZA UMOYO WATHU: Yezetsani kaye musanagule makapisozi

Sabata ino tikambirane za m'mimba muja mumaotcha ngati mwameza khala lamoto. Ambirife kuno ku Milange tikamva chilungulira, kugeyageya ndi kupweteka pansi pa chifuwa, timathamangira kumsika, ena mpaka kuolokera pa Muloza, kukagula makapisozi awiri atatu. Ena amamwa soda wa therere, ena amati awadyetsa.

Komatu kawirikawiri chimene chimayambitsa zilonda za m'mimba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Kamakonda kulowa m'thupi tili ana, kudzera m'madzi ndi chakudya chosasamalika, n'kukhazikika m'khoma la chifu zaka zambiri. Anakatulukira ndi madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, mu 1982. Anzawo atakayika, Marshall anamwa dala tizilomboti mu 1984, ndipo anadwaladi.

Nanga kamapezeka bwanji? Kuyeza magazi kumangosonyeza kuti kachilomboka kanalowapo m'thupi, ngakhale kanatha kale. Kuyeza chimbudzi kapena mpweya wopuma ndiko kumanena ngati kalipo lero. Njira ina ndi yolowetsa kachubu ka kamera kukhosi mpaka m'chifu, n'kutapako kanyama kokayeza. Izi zimachitika m'zipatala zazikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tsono vuto la makapisozi a pamsika ndi ili: sakapha kachilomboka, amangokafooketsa, ndiye poyeza chimbudzi kamabisala. Munthu amabwerera kumudzi akuti alibe, chonsecho kalipo. N'chifukwa chake pamafunika kutha masabata 4 musanamwe mankhwala opha tizilombo, ndi masabata 2 musanamwe omeprazole, kenaka n'kuyezetsa. Auzeni adokotala zonse zimene mwamwa, ndi aspirin kapena brufen yemwe, pakuti nawonso amabweretsa zilonda. Musachite manyazi.

Kakapezeka, mankhwala ake amakhala mitundu itatu kapena inayi yomwera pamodzi kwa masiku 10 mpaka 14. Malizani onse. Kukalekerera, kwa anthu ena kamadzetsa khansa ya m'chifu.

Koma mukasanza magazi, mukachita chimbudzi chakuda bii ngati makala, kapena mukamaonda popanda chifukwa, musadikire masabata amenewa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tionane sabata yamawa.