Tilapia wa m'firiji si chambo

Kuno ku Berea, Amalawi tikapeza tilapia wa m'firiji wowetedwa m'maiwe a ku China timangoti "chambo", ogulitsa n'kumavomera. Bodza limeneli limatsetsereka bwino ndi nsima, koma likutitseka m'maso.

Ena amati mayina a Chilatini ndi zocheza za azungu. Ine ndikukana. Mu 2013 akatswiri, atayeza DNA ya nsomba za mafupa, anachotsa banja la Cichlidae m'gulu la Perciformes n'kuliika m'gulu la Cichliformes. M'banjali muli mbuna, utaka, ncheni ndi chambo. Usipa ndi kampango mulibe. Tilapia wa ku China alimonso, koma msuweni si mwini nyumba. Chambo chenicheni ndi mitundu itatu ya Oreochromis: squamipinnis, umene Albert Günther anaulemba mu 1864, komanso karongae ndi lidole, imene Ethelwynn Trewavas anailemba mu 1941. Kwawo ndi nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu yonseyi pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Popanda kuisiyanitsa, tikanadziwa bwanji? Wotcha tilapia aliyense chambo sadzamva maliro a chambo, chifukwa firiji idzakhala yodzazabe.

Asodzi a ku Mangochi sasokoneza chambo ndi makumba, ndipo mawu akuti mbuna ndi utaka asayansi anatengera kwa asodzi. Osokoneza ndife a m'tauni. Ogulitsa atchule dzina loona. Ogula tizifunsa kuti nsombayo yavuulidwa m'madzi ati.