Fungo la m'botolo si la pathupi

Anthu ambiri akafuna kugula shampu kapena sopo wamadzi, amayamba atsegula botolo n'kununkhiza. Likawakomera m'mphuno, ndalama yatuluka. Koma akasamba, pofika padepoti fungo lija lathawa kale, ndiye amadandaula kuti awagulitsa feki.

Nthawi zambiri si feki ayi. Ntchito ya sopo ndi kugwira mafuta ndi litsiro n'kupita nazo ndi madzi. Tsono perefyumu nayenso ndi mafuta. Thovu lomwe limachotsa litsiro ndi lomwenso limakokolola fungo lambiri. Komanso perefyumu wa m'shampu sachuluka, kawirikawiri amangokhala gawo limodzi pa magawo 100.

Fungo limene limayamba kumveka potsegula botolo, monga la mandimu ndi malalanje, ndi lopepuka ndipo limauluka msanga. Lotsalira m'tsitsi ndi lolemera, monga la musk kapena sandalwood. Choncho wonunkhiza botolo amagulira fungo lomwe lidzayambe kumuthawa.

Makampani amayesetsa kuti fungo lizikhalitsa. Amathira mankhwala oteteza perefyumu kumpweya, amasankha mabotolo osalowa kuwala, ndipo ena amamutsekera m'timakapisozi tosaoneka ndi maso, tomwe timakakamira kutsitsi n'kumaphulika munthu akamapesa. Luso lilipo, koma lili ndi mtengo wake. Timakapisozi tambiri n'tapulasitiki ndipo timathera m'mitsinje. N'chifukwa chake mu 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo loti pofika Okutobala 2029 totere tisamagulitsidwenso m'maiko ake.

Bungwe lomweli lidaletsa, kuyambira Malichi 2022, mankhwala ena onunkhira ngati maluwa otchedwa Lilial, poopa kuti angasokoneze ubereki. Pabotolo amalembedwa kuti butylphenyl methylpropional. Wogula shampu wochokera kunja, makamaka wooneka kuti wakhalitsa pashelefu, sangalakwe kuyang'ana dzinali, ngakhale zilembo zake zimakhala ngati nyerere.

Komabe vuto lalikulu lili pafupi. Ndani sadaonepo mabotolo a shampu atayalidwa padzuwa pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwezi wa Okutobala? Kutentha ndi kuwala zimaphwanya perefyumu. Limonene, amene amapereka fungo la mandimu, akakumana ndi mpweya nthawi yaitali amasintha, ndipo akatero ndi pamene amayambitsa ziwengo ndi kuyabwa kwa anthu ena. Wogulitsa woyanika katundu padzuwa ndiye kuti sakungowononga fungo lokha, akuikanso khungu la kasitomala pachiswe. Kaambulera kapena katoni sizingamugwetse mpamba.

Kunyumba nako kuli zake. Shampu akayamba kuchepa, ambiri amathira madzi m'botolo kuti afike kumapeto a mwezi. Ndalama ikuvutadi, palibe angatsutse. Koma madziwo amasukulutsa mankhwala oletsa tizilombo, ndipo pakapita masiku botolo limayamba kununkha. Kuli bwino kusungunulira m'kapu wokwana kusambira tsiku lomwelo, botolo n'kulitseka bwino, kutali ndi zenera la bafa.

Nawo amene amapanga sopo wamadzi pakhomo n'kumagulitsa asamaganize kuti kuthira perefyumu wambiri ndiko kukopa makasitomala. Akachuluka, sopo amatha kuchita mbuu kapena kusanduka madzi, ndipo mwana wa khungu lanthete ndiye amavutika. Ogulitsa perefyumu odalirika amatchula mlingo wake, ndipo mlingowo ndi wofunika kuutsata.

Banja lofuna kununkhira tsiku lonse lisayembekezere zimenezi kwa chinthu chomwe chimakhala pathupi mphindi ziwiri zokha. Mafuta odzola satsukidwa, ndiye fungo lake limakhalitsa. Kwa makanda ndi onse amene amatuluka ziwengo, sopo wopanda fungo amachotsa litsiro chimodzimodzi.