Hotspot Yanu Ili ndi Mpiringidzo?

Mwezi wathawu bandulo yomwe ndinagula kuti indifikitse kumapeto a mwezi inatha m'masiku asanu okha. Ndinayamba kulalata kuti akampani akundibera. Mwana wa achimwene anga, yemwe ali Fomu 3, anatenga foni ija n'kutsegula pa hotspot. Panali mafoni anayi olumikizidwa, ndipo atatu sindinkawadziwa n'komwe.

"Azakhali, pasiwedi yanu ndi nambala yanu ya foni," anatero akuseka. "Ndani kuno ku Lifuwu sakuidziwa?"

Sananame. Nambala yanga ndimaipereka kwa aliyense wofuna kuyezetsa BP, kuyambira kusikimu ya mpunga mpaka kudoko kwa asodzi. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumusiya pakhonde.

Abale ndi alongo, Wi-Fi ndi mafunde a wailesi. Sathera pakhoma la nyumba yanu, amadutsa mpanda wa bango n'kukafika kwa aneba ndi kumsewu. Foni iliyonse yomwe ili pafupi imawamva. Pasiwedi ndiye imagwira ntchito ziwiri pamenepa. Yoyamba ndi ya mlonda wa pageti, kufunsa wobwera ngati ali wololedwa kulowa. Yachiwiri ambiri sitiidziwa: kuchokera pa pasiwediyo, foni yanu ndi hotspot zimapanga makiyi osokonezera uthenga, kuti wotchera khutu panja amve zopanda mutu zokhazokha. Pasiwedi ikakhala yosavuta kuiganizira, zonse ziwirizi zimafooka limodzi.

Maloko akewo ali ndi mayina. Wakale kwambiri ndi WEP, ndipo pofika 2001 akatswiri anali ataonetsa kale kuti amathyoka mosavuta. WPA2 anabwera mu 2004, WPA3 mu 2018. Lowani mu Settings, pitani pa hotspot, muone pomwe alemba Security. Sankhani WPA3 ngati mafoni onse a pakhomo akuilola, apo ayi WPA2. Mukapeza palembedwa None kapena Open, dziwani kuti pakhomopo palibe chitseko n'chomwe.

WPA2 salola pasiwedi yochepera zilembo 8, ndipo apa ndi pomwe ulesi umatigwira. Timalemba 12345678, dzina la mwana ndi chaka chobadwa, kapena vesi yomwe mpingo wonse ukudziwa kuti timaikonda. Amenewa ndi oyamba kuyesedwa. Ine ndinasankha mawu anayi a Chichewa osagwirizana konse, monga munthu angaphatikize nsomba, chiwiya cha kukhitchini, mtengo ndi mbalame, n'kuikapo manambala awiri pakati. Ndi yaitali, koma siivuta kukumbukira. Ndinailemba m'kope lomwe limakhala m'sutikesi, osati pa kalendala ya pabalaza.

Amene muli ndi MiFi kapena rauta, pali pasiwedi ina yolowera poisintha makinawo. Zambiri zimachoka kusitolo ili "admin". Isintheni tsiku lomwelo, chifukwa woidziwa angathe kukutsekerani kunja inu eni ake. Ngati pali WPS, izimitseni.

Wina anena kuti kumana mnansi intaneti ndi umbombo. Ine sindikuletsa kugawana. Koma kugawira munthu ufa m'mbale n'kosiyana ndi kumupatsa kiyi wa nkhokwe. Mlendo mulembereni nokha pasiwedi pafoni pake, ndipo akapita anthu ambiri, monga pambuyo pa ukwati kapena maliro, isintheni. Mafoni ena amatha kuonetsa pasiwedi yosungidwa ngati QR code, choncho mukapatsa mnyamata mmodzi mwapatsa timu yonse ya mpira. Achinyamatanso adziwe kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo.

Chomwe chinandisowetsa tulo sichinali bandulo. M'foni mwanga muli mayina a anthu omwe ndimawakumbutsa za mankhwala ndi masiku a kuchipatala. Anandiuza matenda awo chifukwa amandikhulupirira. Anyamata aja sanaone zimenezo, iwo ankangoonera mavidiyo, koma ndinazindikira kuti ndakhala wosasamala paliponse. Foniyo inalibe loko. Pa WhatsApp ndinali ndisanaike PIN ya two-step verification. Ndikapita ku Senga Bay kapena ku Salima boma ndinkalumikiza pa Wi-Fi iliyonse yaulere, osadziwa kuti munthu angathe kutsegula hotspot yake n'kuipatsa dzina la malo ogona alendo kuti anthu akodwe. Tsopano ndimayamba ndafunsa ogwira ntchito pamalopo dzina lenileni la netiweki yawo, ndipo za ndalama ndimachita pa data yangayanga.

Manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa SMS, komanso PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, musauze munthu, ngakhale woimbayo atati ndi wa ku ofesi kapena mkulu wa mpingo.

Nditasintha pasiwedi, madzulo ake mnyamata wina woyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati netiweki yavuta. Ndinamuuza kuti ili bwinobwino, ndipo ngati ali ndi za kusukulu zofufuza abwere akhale pakhonde ndimulumikizire ndekha. Anabwera Lachiwiri ndi kope lake la Biology.