Tikamayesa Temwa ndi Barbra, tiyesenso ana a ku Chiradzulu

Chaka cha 2025 chinatha Temwa Chawinga atatenganso mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ya ku America, NWSL. Aka kanali kachiwiri motsatizana, ndipo panalibe wina amene anachitapo zotere mu ligiyi. Anachinya zigoli 15, kuposa wina aliyense, ndipo timu yake ya Kansas City Current inamaliza ligi ili pamwamba. Koma mkangano umene ukumvekabe m'mavidiyo sho a pa Namadzi, pa Mbulumbuzi ndi pa Njuli ndi wa chaka chinacho, cha 2024: kodi katswiri weniweni anali Temwa kapena Barbra Banda wa ku Zambia?

Mkanganowu ndi wabwino chifukwa mbali zonse zili ndi pogwira. Temwa anachinya zigoli 20, n'kuphwanya mbiri ya zigoli 18 imene Sam Kerr wa ku Australia anaika mu 2019. Matimu ena onse 13 a mu ligi anawachinya, osasiyako ngakhale imodzi. Barbra anachinya 13, koma pofika m'ndime zachipulula nkhani inatembenuka. Orlando Pride, timu ya Barbra, inatulutsa Kansas City ndi zigoli 3 kwa 2 m'semifainolo, kenako inakagonjetsa Washington Spirit 1 kwa 0 pa 23 Novembala, pa bwalo la kwawo kwa timu ya Temwa, ndipo chigolicho anachinya ndi Barbra yemweyo. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake anali atachinya zigoli zitatu m'masewero amodzi polimbana ndi Australia ku Olimpiki ya ku Paris, ngakhale Zambia inaluza 6 kwa 5. Motero ligi inapereka mphoto yake kwa Temwa, pamene bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linapereka ya Africa yonse kwa Barbra ku Marrakech mu Disembala.

Ife tikuona kuti ligi inalondola. Mphoto ya wosewera wa chaka iyenera kuyeza ntchito ya chaka chonse, masewero a mvula ndi a dzuwa, a pakhomo ndi a koyenda, ndipo pa muyeso umenewo Temwa analibe mnzake. Chikho n'cha anthu khumi ndi mmodzi pamodzi ndi amene anakhala pa benchi. Sitikuchepetsa Barbra, ndi namatetule ndithu, ndipo ya CAF inamuyenera chifukwa anaonetsa ntchito ku kilabu ndi ku dziko lake lomwe. Chimene chinatiwawa n'chakuti pa maina atatu otsiriza a CAF panalibe Chawinga ngakhale mmodzi, chikhalirecho Tabitha, mkulu wake wa Temwa, anali atangokhala wochinya zigoli zambiri ku France ali ku Paris Saint-Germain, atachitanso chimodzimodzi ku Italy ali ku Inter chaka cham'mbuyo. Chifukwa chake sichobisika. Oponya mavoti amaona amene akuoneka, ndipo ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, sanali ku Olimpiki kapena ku mpikisano waukulu wa mayiko a mu Africa. Chikho cha COSAFA chimene anatenga mu 2023 atagonjetsa Zambia 2 kwa 1 chinasangalatsa ife kuno, koma sichinamveke mokwanira kumpoto ndi kuzambwe kwa Africa. Mu 2025 mphoto ya CAF inapita kwa Ghizlane Chebbak wa ku Morocco, dziko limene linachititsa mpikisano wa amayi wa mayiko a mu Africa n'kufika mu fainolo.

Vuto loona okhawo oonekera si lathu tokha. Ku America komweko kuli mphoto ya Heisman, imene yakhala ikuperekedwa kuyambira mu 1935 kwa wosewera wopambana mu mpira wawo wa m'makoleji. Kuyambira m'chaka cha 2000 ambiri mwa amene aitenga ndi oponya mpira otchedwa quarterback, chifukwa kamera imakhala pa iwo nthawi zonse. Komabe iwo akamakangana amakangana atagwira manambala, poti chilichonse chochitika m'bwalo chimalembedwa.

Apa ndi pamene tikubwerera kwathu. Chaka cha 2025 chinali cha zisankho, ndipo aliyense akudziwa kuti chaka chotere mabonanza amachuluka. Mabwalo a sukulu a ku Namitambo, ku Thumbwe, ku PIM ndi kwina m'boma la Chiradzulu amadzaza Loweruka ndi Lamlungu masana. Tsiku la fainolo mlendo wolemekezeka amafika masewero atayamba kale, amakhala pansi pa tenti, ndipo oyimbira akaliza wezulo yotsiriza komiti imanong'onezana mphindi ziwiri n'kulengeza wosewera wapamwamba. Kawirikawiri amakhala amene wachinya chigoli chomaliza, kapena amene masapota ake akuwa kwambiri. Goloboyi amene anagwira mapenate m'ndime yoyamba, tsiku limene kunalibe tenti kapena zokuzira mawu, saganiziridwa n'komwe. Mnyamata wapakati amene wasewera wopanda jombo mwezi wonse, kulanda mipira ndi kugawira anzake, amabwerera kwawo ndi fumbi m'miyendo basi. Atsikana nthawi zambiri amasewera kaye m'mawa anthu asanabwere, ndipo envulopu yawo imakhala yopepuka, m'dziko limene osewera ake odziwika kwambiri kunja ndi akazi awiri a bere limodzi ochokera ku Rumphi.

Pofika Lolemba zonse zaiwalika. Mukafunsa kuti wochinya kwambiri mu zoni yakutiyakuti chaka chatha anali ndani, ndipo anachinya zingati, mumva mayankho atatu osiyana kwa anthu atatu. Izi zimapha luso mwakachetechete. Mphunzitsi wa timu yaikulu ya ku Blantyre, mtunda wosakwana ola limodzi pa minibasi, alibe poyambira akafuna kudziwa za mwana wa kwa Likoswe kapena kwa Kadewere, kupatula mawu a munthu amene mwina ndi malume ake a mwanayo. Kusalembaku ndi kumenenso kumapatsa danga onama zaka, moti bambo wa ndevu zometa amalanda mphoto ya ana a sukulu popanda womutsutsa ndi umboni.

Chofunika si ndalama zambiri. Ndi kope limodzi pa mpikisano uliwonse, losungidwa ndi mlembi wa komiti: maina a osewera ndi zaka zawo, amene wachinya, amene wapereka mpira wa chigolicho, goloboyi amene sanachinyidwe, makadi. Masewero aliwonse akatha, aphunzitsi a matimu awiriwo ndi oyimbira atchule wosewera mmodzi amene wachita bwino, koma mphunzitsi asatchule wa timu yake. Pakutha pa mpikisano mavotiwo aphatikizidwe poyera, anthu akuona. Aphunzitsi a masewero m'sukulu za pulayimale ndi sekondale amadziwa kale kusunga kaundula wa m'kalasi, ntchito iyi singawavute. Ophunzira a pa Catholic University ku Nguludi, amene ali m'boma lomweli, akhoza kusonkhanitsa makopewo n'kuika zonse pa kompyuta kuti ofesi ya zamasewero pa boma ikhale nazo. Ndipo othandiza mipikisano, kaya ndi aphungu atsopano kaya ndi amalonda, agawe mphotozo: ya wochinya kwambiri payokha, ya goloboyi payokha, ya wosewera wa mpikisano wonse payokha, atsikana ndi anyamata mofanana.

Tsopano tili ndi mwayi umene sitinakhalepo nawo. Ma Scorchers anatulutsa Angola mu Okutobala 2025 n'kudzigulira malo ku mpikisano wa mayiko a mu Africa wa 2026 kwa nthawi yoyamba. Oponya mavoti a CAF adzaona Tabitha ndi Temwa atavala yunifomu ya dziko lawo pa bwalo lalikulu, ndipo chifukwa chowasiyira kunja chidzachepa. Atsikana ambiri a ku Chiradzulu adzaonera masewerowo, ndipo ena adzapempha mpira kwa aphunzitsi awo m'mawa mwake. Makomiti a m'mazoni akamakumana kukonza ndondomeko ya masewero a teremu ikubwerayi, nkhani ya kope ndi kasankhidwe ka mphoto ikambidwe asanagawe matimu m'magulu.