NDEMANGA: Botolo la zakumwa lisasungire mankhwala a m'munda

Mabotolo apulasitiki a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi afika m'mudzi uliwonse wa kuno kum'mawa. Mukayang'ana kunsi kwake mudzaona nambala 1 pakati pa mivi itatu. Nambalayi itanthauza pulasitiki yochedwa PET, imene John Whinfield ndi James Dickson anatulukira ku Britain mu 1941. Ndi yopepuka, siphwanyika msanga, ndipo ikatoledwa yoyera mafakitale amaisungunula ndi kupanga mabotolo ena kapena ulusi wa zovala.

Kwathu kuno botololi silitayidwa likangomwedwa kamodzi. Amai a ku msika wa Kapata amagulitsiramo thobwa ndi munkhoyo, a tuntemba amapimiramo saladi, ana amatengeramo madzi kusukulu. Palibe colakwa pamenepo ngati botolo latsukidwa bwino.

Cimene citidetsa nkhawa ndi cizolowezi cothira mankhwala a m'munda m'mabotolo omwewa. Alimi a thonje ndi a madimba a matimati ndi repu sangalime popanda kupopera, ndipo kucokera pamene mbozi zoononga cimanga zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, mankhwala afika ngakhale m'nyumba za olima cimanga cokha. Popeza cigubu cathunthu ndi codula, anthu amasonkherana ndi kugawana, kapena kugula pang'ono kwa wogulitsa wa m'mseu. Cotengera cimene cili pafupi ndi botolo la zakumwa.

Botolo lotere lilibe cikalata cosonyeza dzina la mankhwala, muyeso wake kapena cenjezo. Mwana akalipeza kuseri kwa citseko amangoona cakumwa cimene acidziwa. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Ngozi siithera pakhomo pa mlimi. Mankhwala akatha, botolo limaponyedwa kudzala kapena m'mbali mwa njira. Mnyamata wotola mabotolo amalitenga pamodzi ndi ena ndi kukagulitsa kwa wophika thobwa, amene sadziwa cinali m'kati. Kusukuluza ndi madzi sikutsimikiza kuti poizoni yense wacoka. Wogula thobwa m'tauni angamwe zotsala za m'dimba limene sanapondemo.

Lamulo la zacilengedwe la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA udindo woyang'anira malonda a mankhwala ophera tizilombo, ndipo wowagulitsa afunika cilolezo. Tipempha ZEMA ndi khonsolo ya mzinda wa Chipata kuti aziyendera misika kawirikawiri, makamaka mvula ikayandikira. Koma boma silingalowe m'nkhokwe ya munthu aliyense. Nchito yaikulu ili kwa ife eni ake.

Alimi, sungani mankhwala m'cigubu cake ndi cikalata cake, pamalo okhomedwa, kutali ndi ufa ndi mbeu zodya. Ngati mwasonkherana, mmodzi asunge cigubu ndipo ena adzapime tsiku lopopera. Cikatha, citsukeni katatu, madziwo muwathire m'pampu yopoperayo, ndipo muciboole kuti wina asatungire madzi. Musacitenthe, utsi wake ndi woipa. Funsani alangizi a zaulimi za kotayira.

Munthu akamwa mankhwalawa, musamusanzitse, musataye nthawi ndi mkaka kapena mankhwala a zitsamba. Thamangirani naye ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital, mutanyamula cigubu kuti adokotala adziwe cimene wamwa.

Amai ogulitsa thobwa, gulani mabotolo kwa anthu amene muwadziwa, ndipo kanani lililonse lonunkha zacilendo kapena losintha mtundu.

Atsogoleri a miphakati, a makopaletivu ndi mafumu, ikambeni nkhaniyi pa misonkhano yanu nyengo yopopera isanayambe. Mphindi zisanu za zilengezo za pa Sondo zingapulumutse mwana wa m'parishi mwanu.