Dimba la agogo ndi kamera ya mphwanga

Sabata yatha ndidalandira mlendo mmamawa ndisanasukusule n'komwe. Adali mphwanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu, yemwe adalemba mayeso a Fomu 4 zaka zitatu zapitazo ndipo pano amathandiza mkulu wina kujambula maukwati ndi zinkhoswe m'tauni. Tili mkati momwa tiyi, adatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha kamera yakuda bii, ya diso lalikulu ngati la kadzidzi.

"Amalume, ndikangopeza iyi basi, dziko lino lindidziwa. Filimuyo ndili nayo kale m'mutumu," adatero.

Ndidamufunsa mtengo wake. Atautchula ndidayamba ndaika kapu pansi, chifukwa ndalama zake munthu angathe kugulira ng'ombe zingapo n'kutsalako ya ngolo. Nanga azitenga kuti? Apa m'pomwe padagona nkhani. Mnyamatayu amafuna kuti ine, monga mwinimbumba, ndivomereze kuti tigulitse dimba lomwe adatisiyira malemu agogo ake. M'dimbamo mayi ake amalimamo tomato ndi mpiru, ndipo m'momwe mumachokera fizi ya ang'ono ake awiri.

Sindidamukalipire, ngakhale mtima udafuna kutero. Maloto akewo si amisala ayi. Achinyamata ambiri m'dziko muno ali ndi njala yofuna kujambula nkhani zathu, ndipo njala imeneyi ndi yabwino. Cholakwika n'chakuti ambiri akuganiza kuti filimu imakhala m'kati mwa kamera, ngati mmene shuga amakhalira mupaketi, kuti ukangogula basi wapeza.

N'zoona kuti kale chipangizo ndicho chimatitsekereza. Masiku amenewo filimu imajambulidwa pa lamba wapadera wokwera mtengo. Mpukutu umodzi wa 16mm wotalika mafiti 400 umatha m'mphindi 11 zokha, ndipo ukajambula umayenera kuutumiza kunja kuti akautsuke usanaone ngati wajambula bwino kapena wangotaya ndalama. N'chifukwa chake ntchitoyi idali ya boma ndi alendo ochokera kunja. Ife gawo lathu lidali loonerera, kaya ku Apollo mumzinda wa Blantyre kapena pabwalo la sukulu galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa kanema wa ulimi. Ngakhale wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mochedwa, mu 1999.

Anzathu a ku Nigeria sadadikire lamba wodula uja. Mu 1992 adatulutsa Living in Bondage pa matepi a vidiyo, anthu n'kuigula ngati mandasi otentha, ndipo apo m'pomwe padamera Nollywood yomwe lero yadzaza m'nyumba zathu. Mu 2008 kampani ya Canon idatulutsa 5D Mark II, kamera yojambulira zithunzi wamba koma yotha kujambulanso kanema wooneka bwino kwambiri, ndipo achinyamata ambiri padziko lapansi adayamba kupanga mafilimu ndi chipangizo chokwana m'chikwama cha kumsana. Pofika 2015, Sean Baker wa ku America adajambula filimu yonse ya Tangerine ndi mafoni a iPhone 5s, n'kukaionetsa ku chikondwerero chotchuka cha mafilimu cha Sundance.

Ndidamuuza mphwangayo kuti chitseko chomwe akufuna kuthyola ndi ndalama za dimba chidatseguka kale. Foni yomwe amandionetsera chithunzi cha kamerayo imajambula bwino kuposa makamera omwe adayambitsa Nollywood. Chomwe akusowa chili kwina.

Choyamba ndi mawu. Awerengi, kumbukirani mafilimu athu omwe mudawasiya panjira osamaliza. Kawirikawiri chomwe chidakutopetsani sichidali chithunzi, koma kusamva zomwe anthu akuyankhula. Mayi akulira maliro a mwana wake, inu mukumva mphepo, tambala wa aneba ndi chigayo cha patsidya. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma khutu silipirira. Maikolofoni yomwe imabwera ndi kamera, ngakhale kamerayo ikhale yodula chotani, imatola phokoso lililonse lomwe lili pafupi nayo. Chofunika ndi maikolofoni yapadera yoikidwa pandodo yaitali pamwamba pa oyankhulawo, kapena kaja kobisa m'malaya, komanso munthu mmodzi wovala zomvera m'makutu yemwe ntchito yake ndi kumvetsera basi, ndipo ali ndi mphamvu youza aliyense kuti tibwereze. Zonsezi mtengo wake sufika ngakhale theka la kamera ija.

Chachiwiri ndi kuwala. Dzuwa la kwathu kuno likakhala paliwombo limaika mithunzi m'maso mwa munthu, nkhope n'kuda, malaya oyera n'kumathobwa m'maso. Wodziwa ntchito amajambula zapanja mmamawa kapena dzuwa likapendeka, ndipo masana amalowa m'nyumba n'kuika munthu pafupi ndi windo. Nsalu yoyera, kapena katoni yomatidwa pepala lonyezimira, imabweza kuwala pankhope popanda kulipira magetsi. Izi sizigulidwa m'sitolo, zimaphunziridwa pojambula, kulakwitsa ndi kubwerezanso.

Chachitatu ndi zomwe ogulitsa kamera satchula. Kamera imafuna magalasi ake, omwe ena mtengo wake umaposa kamerayo. Imafuna miyendo itatu yoimikapo, mabatire angapo poti magetsi athu mukuwadziwa, makadi osungira zomwe wajambula, ndi kompyuta yamphamvu yolumikizira zidutswazo. Ukajambula mu 4K, makadi amadzaza msanga ndipo kompyuta yofooka imangoti njoo. Ndikudziwa gulu lina la achinyamata lomwe lidajambula kwa mwezi wathunthu n'kusunga zonse pa hard disk imodzi. Tsiku lina idagwa patebulo, ntchito yonse n'kuthera pomwepo. Lamulo lake ndi losavuta: chilichonse chomwe wajambula uchisunge malo awiri usanagone. Walira mvula walira matope, ndipo wogula kamera wagula mndandanda wonsewu.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi nkhani. Nditamupempha mphwangayo kuti andionetse zomwe walemba, adaloza mutu wake. Ndidamuuza kuti nkhani ya m'mutu imakoma kwa mwini wake yekha. Ukaiika papepala m'pomwe umaona kuti pakati pali dzenje, kuti mfiti yatulukira popanda chifukwa, kuti mathero ake ndi a filimu ya ku Nigeria yomwe udaonera chaka chatha. Pepala ndi cholembera n'zotchipa, ndipo kulakwitsa papepala sikudya dimba la munthu.

Taonani omwe adatitsogolera. Shemu Joyah ntchito yomwe adaphunzira ndi yoyeza malo, koma adali mlembi asanagwire kamera. Filimu yake ya Seasons of a Life, yokamba za mtsikana wantchito yemwe adachimwitsidwa ndi bwana wake n'kudzamenyera mwana wake kukhoti, idapata mphoto ku Zanzibar International Film Festival mu 2009, ndipo mu 2010 Tapiwa Gwaza adapambana nayo ku Africa Movie Academy Awards. The Last Fishing Boat ya mu 2012, yomwe adajambula m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, idapambana mphoto ya nyimbo za mufilimu kumpikisano womwewo mu 2013. Joyce Mhango Chavula adabweretsa mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ndipo mu 2018 Joyah adatenganso mphoto yomweyo ndi The Road to Sunrise. Mu 2021 dziko lino lidatumiza Fatsani ya Gift Sukez Sukali kumpikisano wa Oscars, nkhani ya kamtsikana kogulitsa malonda m'misewu. Palibe mwa mafilimu amenewa yomwe timaikumbukira chifukwa cha mtundu wa kamera. Timakumbukira anthu a m'nkhanizo, chifukwa tidawaonapo kwathu.

Ndipo nkhani zathu zili ndi msika. Ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu yemwe adapanga magetsi a mphepo, idajambulidwa konkuno ndi Chiwetel Ejiofor n'kutuluka pa Netflix mu 2019. Ambiri tidadandaula ndi Chichewa cha ena mwa ochita seweromo, ndipo dandaulo lathu lidali lomveka. Koma tidzifunsenso kuti nkhaniyi idakhala pakhomo pathu zaka zingati tisanaitole. Kwa anansi athu ku Zambia, Rungano Nyoni adatenga nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, momwe Chinyanja chikumvekamo, n'kupanga I Am Not a Witch yomwe idapata mphoto ya Bafta mu 2018.

Funso lotsiriza lomwe ndidamufunsa mphwangayo lidali lakuti: ukamaliza, ukaionetsa kuti? Adati pa YouTube. Palibe choipa ndi YouTube, koma ndi angati kumudzi kwathu angagule bandulo yoonera filimu ya maola awiri? Ukaitulutsa pa chimbale, mawa lake ili kale m'timashopu toikira nyimbo ndi makanema m'mafoni, komwe mwini filimu sapezako ngakhale tambala, ngakhale tili ndi bungwe la Cosoma komanso lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016. Komanso zikondwerero zambiri zikuluzikulu sizilandira filimu yomwe ili kale poyera pa intaneti, choncho wothamangira kuiika pamenepo amadzitsekera yekha khomo.

Apa m'pomwe pali kufunika kwa zikondwerero za mafilimu. Dziko la Burkina Faso si lolemera, koma lakhala likuchititsa Fespaco mumzinda wa Ouagadougou kuyambira mu 1969, ndipo opanga mafilimu a mu Africa muno amalakalaka kukaonekera kumeneko. Durban ili ndi chake kuyambira mu 1979. Kumalo otere wojambula amakumana ndi ogula, amaona ntchito za anzake, ndipo amamva yekha pomwe anthu aseka ndi pomwe ayamba kuyasamula. Koma kuti mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba akafike kumeneko, afunika mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi, ndalama yolembetsera yomwe nthawi zambiri imakhala ya madola, ndi tikiti ya ndege.

Kuno kwathu zionetsero za mafilimu zimachitika ndithu, ndipo a Film Association of Malawi ndi ena akhala akuyesetsa. Vuto n'lakuti zambiri zimathera m'mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo zimadalira thumba la wothandiza. Wothandizayo akatseka thumba, chaka chimenecho kulibe kanthu. Ine pempho langa ndi laling'ono. Boma lililonse lili ndi holo, kaya ya khonsolo, ya sukulu ya sekondale kapena ya mpingo. Pulojekita imodzi, nsalu yoyera, masipika ndi jenereta n'zokwanira kuti kamodzi pachaka, anthu akakolola, achinyamata a m'bomalo aonetse timafilimu tawo ta mphindi khumikhumi, anthu n'kulipira kangachepe pakhomo. Opambana apite kuchigawo, a kuchigawo akakumane pa dziko lonse. Tidachitapo zimenezi ndi zisudzo za m'sukulu za sekondale, ndipo ambiri mwa akatswiri omwe timawaonera lero adachokera kumeneko. Makampani omwe amathira ndalama ku mpira ndi gofu angathe kugula zipangizo zochepa zoti achinyamata azibwereka pamtengo wotsika, m'malo moti aliyense azilota kugula kamera yakeyake yomwe izikhala m'kabati miyezi khumi pachaka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo filimu ndi denga lolemera: pamafunika wolemba, wojambula, womvetsera mawu, ochita sewero ndi wolumikiza.

Tsono mlandu wa dimba tidaugamula motere. Dimba siligulitsidwa, chifukwa si langa ndekha ndipo si lakenso yekha. Koma sindidamubweze chimanjamanja. Tidagwirizana kuti alembe nkhani ya masamba khumi, aiwerenge pamaso pa anzake, aikonze, kenaka aijambule ndi foni yake yomweyo. Ine ndidalonjeza kulipira maikolofoni yobwereka kwa masiku atatu ndi chakudya cha omuthandiza. Akamaliza tikaionetsa kumudzi, m'kalasi ya pasukulu yomwe adaphunzira, mayi ake ali pampando wakutsogolo. Anthu akakaonera mpaka kumapeto osatuluka, mbumba idzakhala pansi n'kuona kuti pa ndalama za tomato wa chaka chino tingapatulepo zingati zobwerekera kamera yeniyeni ya filimu yachiwiri.

Adachoka nkhope ili gwaa, ndipo masiku anayi sadandiyankhe foni. Dzulo usiku ndidalandira uthenga wake. Adatumiza masamba asanu ndi limodzi olembedwa pamanja, nkhani ya mayi wolima dimba yemwe mwana wake akufuna kuligulitsa. Pansi pake adalemba kuti: "Amalume, muwerenge koma musakwiye, malume wa m'nkhanimu ndi wovuta pang'ono."

Ndawerenga kawiri. Tsamba lachinayi lili ndi dzenje, ndipo ndamuuza kuti alikonze.