Chitunda chili pakhomo, inu maso ku France

Pali kabodza kamene kakuyenda pakati pa anzathu amene ayamba kupalasa njinga zothamanga m'matauni muno, aja mumakumana nawo Loweruka m'mamawa atavala zothina ndi zipewa zonga chigoba cha kamba. Akuti kuno ku Malawi kulibe chitunda chenicheni. Akuti ukafuna chikweza chachitali, chokwera mosadukiza mpaka miyendo kuyamba kuyankhula, uyenera kukwera kaye ndege. July akafika amakhala maso ali tong'o pa TV kuonera Tour de France, n'kumatchula Alpe d'Huez ngati ndi kwa agogo awo. Amadziwa kuti msewu wake uli ndi makhota 21, kuti ndi wa makilomita pafupifupi 14. Koma afunseni za Khwekhwerere, akuyang'anani ngati mwawatukwana.

Bodza limeneli lithe, abale anga. Zitunda tili nazo, zazitali, za phula, zoti munthu n'kukwera ola lathunthu osapeza potsetsereka. Chimene tilibe ndi maso.

Tigwirizane kaye kuti tikufuna chiyani, chifukwa apanso pali chisokonezo. Ena akamva za chitunda amaganiza za kamtunda kogontha kaja ka kuseri kwa lokeshoni, koti umaimirira pa mapedulo, lilime panja, mphindi zitatu basi wafika, n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook. Kameneko n'kodzitamira nako, koma sikaphunzitsa thupi kanthu. Chimene chimaumba wopalasa njinga ndi chikweza chofatsa koma chosatha. Akamati msewu ukukwera ndi 5 peresenti ndiye kuti pa mamita 100 aliwonse amene wayenda wakwera mamita 5. Zikumveka zochepa, eti? Chitani zimenezo makilomita 10, mwakwera mamita 500. Pachitunda chotere umakhala pachishalo, umasankha giya yopepuka, miyendo n'kumazungulira mofanana, mpweya n'kumalowa ndi kutuluka mwa ndondomeko yake. Ukayamba ndi phuma, chikubweza pasanathe mphindi 15. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo mwina ankanena za njinga.

Tsono tayang'anani dziko lathuli mmene linakhalira. Tili m'chigwa chachikulu chija chimene chinang'amba Africa kuchokera kumpoto, ndipo pansi pake ndi pamene pali nyanja yathu ndi mtsinje wa Shire. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kumunsi kwa Shire n'kotsika kuposa apo, mamita 100 kapena kucheperapo. Pamene matauni athu ali pamwamba: Blantyre wapitirira pang'ono mamita 1,000, Mzuzu ali cha m'ma 1,250, Dedza pafupifupi 1,600. Ndiye msewu uliwonse wochoka kunyanja kapena ku Shire kupita ku matauni amenewa ulibe kothawira, uyenera kukwera. Ndipo amene ankalambula misewuyi ankaganizira lole yodzaza katundu. Lole singakwere khoma. N'chifukwa chake msewu umapindika ngati njoka, kuzungulira phiri kuti chikweza chigawanike pang'onopang'ono. Anakonzera malole, koma mosadziwa anakonzeranso ife.

Yambani ndi ku Chikwawa. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Thabwa, msewu wa M1 umayamba kukwera, ndipo pofika mu Blantyre mwakwera mamita pafupifupi 900. Alpe d'Huez amene mumamulota uja amakwera mamita pafupifupi 1,100. Kusiyana kwake n'kotani koti munthu n'kugulira tikiti ya ndege? Ukatembenuka pakhota umaona chigwa chonse chili yalaa, Shire akung'anima pansi apo. Chenjezo lake ndi dzuwa. Mu October kuchigwako kumatentha mpaka madigiri 40, ndiye wofuna moyo ayambe kukwera tambala atangolira, botolo la madzi lisakhale limodzi.

Pitani ku Khwekhwerere, msewu wochoka pa Golomoti kukakumana ndi M1 pa Masasa, kum'mwera kwa boma la Dedza. Kwa ine ameneyu ndiye mfumu. Umayamba kuchigwa kotentha, kwa malambe, n'kumakwera khota ndi khota mpaka kukafika kumene anthu amalima mbatatesi ndi kuvala majuzi masana. Chitunda chimodzi, nyengo ziwiri. Magalimoto sachuluka ngati pa M1, moti umamva ngakhale kulira kwa tcheni chako.

Kumpoto kuli msewu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu. Uwu sukwera mofanana monse, poyamba umakwera n'kumatsikako, koma chakumapeto umakugwira pakhosi osakusiya mpaka mumzinda. Ku Zomba kuli msewu wokwera phiri kupita ku Ku Chawe, waufupi poyerekeza ndi enawa, wopapatiza, wowawirapo, koma wamthunzi. Ndipo tinene chilungamo, si chitunda chilichonse chimene chili choyenera. Chiweta ndi wokongola, koma ndi njira ya mathanki a mafuta ndi malole olemera, ndipo mbiri yake ya ngozi tonse timaidziwa. Gorodi, wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba, ali ndi makhota pafupifupi 20, koma miyala yake siigwirizana ndi matayala oonda ngati chala. Kusankha chitunda n'kusankhanso chimene uyenera kuchisiya.

Nanga ena amene sindinawatchule mungawapeze bwanji? Anzathuwa yankho lawo ndi foni. Amatsegula Strava, akaona kuti palibe amene anajambulapo msewu wakutiwakuti, basi ndiye kuti msewuwo kulibe. Mapu amathandiza ndithu: funani pamene mzere wa msewu wapindikapindika pakati pa chigwa ndi mapiri, pamenepo pali chikweza. Koma pali anthu amene amadziwa zitunda zimenezi kuposa foni iliyonse, ndipo mumawadutsa osawapatsa ndi moni womwe. Ndikunena bambo uja wamanga matumba a makala pakaliyala, wa nkhuni, wa mitolo ya nzimbe, wa kabaza. Njinga yake ilibe magiya, yolemera ngati chitseko, katundu wake woposa thupi lake. Iyeyo akuuzani pamene chitunda chimapumira, pamene pali mjigo, khota limene madalaivala amalidula, nthawi imene malole amayamba kutsika. Safunsa anadya phula. Imani, vulani magalasi akudawo, munene kuti “Mwaswera bwanji, bambo?” kenako mufunse.

Apa ndiye pagona nkhani. Sitiona zitunda zathu chifukwa kuno njinga timaiona ngati chizindikiro cha umphawi. Munthu akagula galimoto timati wapita patsogolo, akakhalabe panjinga timati zinthu sizikumuyendera. Ndiye amene wagula njinga yodula amafunitsitsa kuti asafanane ndi wa makala. Amafuna masewero ake akhale ochokera kunja, mayina ake a chizungu, mapiri ake a ku Ulaya. Kuvomera kuti Khwekhwerere ndi chitunda chapamwamba kukhala ngati kuvomera kuti wa makala uja ndi katswiri mnzake. Komatu ndi katswiri, mwinanso kuposa.

Anzathu ena sanachite nazo manyazi. Ku Rwanda ena mwa opalasa a timu ya dziko anayambira pa njinga zonyamula anthu, kabaza yemweyu. Dziko lija linatenga mapiri ake n'kuwasandutsa chuma, ndipo mu September 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano waukulu wa njinga za pamsewu wa dziko lonse lapansi, koyamba mu Africa muno. Ku Eritrea, kumene likulu lawo la Asmara lili pamwamba kuposa mamita 2,300, njinga ndi masewero a aliyense, ndipo kunachokera Biniam Girmay amene mu 2024 anapambana jezi yobiriwira pa Tour de France yomweyo imene mumaonera. Sanabwereke mapiri kwa munthu. Anakwera awo.

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena: misewu yathu ndi yoopsa. Zoona zimenezo, sindikutsutsa. M'mbali mwa phula munadyeka, maenje ali mbwee, ndipo pali madalaivala ena amene amaganiza kuti akaliza hutala ndiye kuti wapanjinga asanduke mbalame. Potsika ndiye poopsa kwambiri, chifukwa liwiro limakoma, mbuzi siiona, ndipo mchenga wa pakhota sukhululuka. Koma taganizani: inu mumakumana ndi zimenezi kamodzi pamlungu, mwa kufuna kwanu, mutavala chipewa choteteza mutu. Mayi wokwera kabaza kupita kusikelo amakumana nazo popanda kusankha. Ngati misewu ili yoopsa, yankho si kukhala pa sofa n'kumasirira France. Inu amene muli ndi mawu, odziwana ndi makhansala ndi aphungu, olemba m'manyuzipepala, ndinu oyenera kufuula kuti msewu uliwonse umene ukukonzedwa ukhale ndi malo a njinga m'mbali mwake, otambalala ndi a phula. Kamzere kameneko kakupatsani inu masewero, wa makala kamupatsa moyo. Koma simungamenyere msewu umene simunaupondepo.

Choncho nyengo yozizira ikubwerayi, kuyambira May mpaka July, dzuwa likafatsa, sonkhanani atatu kapena anayi. Onani mabuleki, ikani giya yopepuka kumbuyo, ya mano 32 kapena 34, musachite nayo manyazi. Valani zowala kuti akuoneni patali. Tengani madzi, nthochi, ndi kandalama ka mandasi pamwamba. Nyamukani kusanache, mukayambire pansi penipeni, pa Thabwa kapena pa Golomoti, osati pakati. Mphindi 20 zoyamba yendani ngati mukuperekeza agogo. Mukafika pamwamba, miyendo ikunjenjemera, mudzabwere mundiuze ngati mukuganizabe kuti kuno kulibe chitunda.

Ndipo wa makala akakupitirirani akukankha njinga yake, musakwiye. Mupatseni ulemu wake. Msewuwo ndi wake, inu ndi alendo.